Nyemba za Pabwalo la Che Latifu

Che Latifu a ku Liwonde anali ndi bwalo limodzi koma ntchito ziwiri. M'mawa ankaswa mabatire akutha a galimoto, kusungunula mtovu wake m'chitini, n'kuumba timibulu timene asodzi a mu Shire amamizira maukonde. Dzuwa likakwera ankasesa pang'ono n'kuyanika nyemba pomwepo. Dothi lake linali lotuwa ngati phulusa, moti ngakhale chisoso chinasamukapo kalekale.

Tsiku lina a Blasius, mlangizi wa zaumoyo, anatsamiritsa njinga pampanda, n'kutapa nyembazo, n'kuyang'ana m'chikhatho mwawo.

"Che Latifu, fumbi ili ndi la mtovu. Silinunkha, siliwawa, koma likalowa m'thupi limamangamo nyumba. Ana ndiye limawadya mutu."

"Azitsuka pophika."

"Ndani amatsuka nyemba ngati zovala?"

"Afa angati?"

"Munthu safa lero lomwe."

"Ndiye mudzabwere akafa."

Komatu mkuluyu sanali wogontha. Kuyambira tsikulo nyemba zodya iwo ankakaziyanika pamphasa kwa achimwene awo. Za pabwalo anazithira m'thumba lakale, limene anasokererapo chigamba ndi ulusi wobiriwira wa ukonde, n'kugulitsa kwa mayi Nelia, wageni ya nyemba pamsika wa Balaka. Anamuthandiza ngakhale kukweza katunduyo mu minibasi.

"Zikupita kutali," anadziuza. Zaina, mwana wawo amene anatsata mwamuna ku Utale, sanamuganizire n'komwe. Uyo anali ndi munda wake.

Chaka chimenecho mvula ku Utale inangolonjera n'kudutsa.

Patatha miyezi isanu, Zaina anaimba foni. Asiya, mwana wake wa zaka zitatu, m'mimba simunkamupatsa mtendere, ndipo mawu amene ankawadziwa anali kumuthothoka limodzilimodzi ngati masamba m'chilimwe. Che Latifu anamanga kaphukusi ka nyemba zabwino zija n'kunyamuka.

Anapeza mdzukuluyo atatsamira chipupa. Kale iwo akafika kudzacheza, mwanayo ankawalanda chipewa akufuula kuti agogo. Ulendo uno anangowayang'ana monga mmene munthu amayang'anira mtengo.

"Kuchipatala akuti magazi ake muli mtovu," anatero Zaina. "Akufunsa ngati pakhomo pano timaswa mabatire. Ndawauza kuti iyayi. Kwanu kuja, ababa, mwanayu anafikako ali kumsana."

Anawayalira thumba pakhonde kuti akhalepo. Che Latifu anawerama, koma sanakhale. Pakati pa thumbalo panali chigamba, ulusi wake wobiriwira, mfundo zake ziwiriziwiri monga anawaphunzitsira malemu bambo awo.

"Thumba ili?"

"Linabwera ndi nyemba. Ndinagula lonse pamsika wa Balaka, zinali zotsika mtengo. Ndi zimene zatisunga chilala chonsechi. Asiya amazikonda kwabasi. Ndikamasankha amakhala pomwepo, kuseweretsa, zina kuponya m'kamwa zosaphika. Bwanji, ababa? Khalani pansi."

Anakhala padothi. Kaphukusi kaja kanali pamiyendo pawo, ndipo sanadziwe kuti akapereke ndi dzanja liti.

"Zotsalazo usaphike," anatero. "Mawa tipite limodzi kuchipatala. Funso lawolo ndikayankha ine."

Zaina anayang'ana thumba, n'kuyang'ana bambo ake, n'kunyamula mwana kulowa naye m'nyumba.

Sabata yotsatira a Blasius anapeza Che Latifu akupala dothi la pabwalo ndi fosholo, chitini chija atachiphwanya. Anatsika panjinga n'kuitsamiritsa pampanda.

"Sanafe," anatero Che Latifu, maso ali pafosholo. "Wangosiya kuyankhula."

A Blasius anavula jekete n'kufunsa ngati panali fosholo ina.

Akuluakulu anati choipa chitsata mwini. Ngakhale uchikweze minibasi, njira yobwerera chimaidziwa.