Mathero a Filimu ya a Chidzanja

Kalekale, anthu asanayambe kuonera mafilimu pa foni, pa Luchenza panali bambo wina dzina lawo a Chidzanja. Anali ndi nyumba yoonetsera kanema kuseri kwa msika, ya mabenchi a matabwa ndi nsalu yakuda pakhomo. Panali filimu imodzi imene ankaionetsa Loweruka lililonse, ya msilikali amene anakwera chombo kupita ku dziko lina la m'mlengalenga kukamenyana ndi anthu achitsulo. Filimuyo inkathera m'malere: chombo chikuyaka moto, bambo a msilikaliyo aima pakhomo akuyang'ana kumwamba, basi yatha.

Anthu ankadziwa chimene a Chidzanja ankaikondera. Mwana wawo woyamba, Yotamu, anapita ku Joni ndipo sanamvekenso.

Atakalamba, maso awo anachita ng'ala ndipo thupi linayamba kufooka. Tsiku lina wapaulendo wina anawauza kuti kunja kunatuluka chimbale chapadera cha filimu yomweyo, cha m'bokosi lachitsulo, chokhala ndi zigawo zimene anazidula poyamba komanso mathero ena. A Chidzanja sanagwirenso chakudya bwino. Anaitana ana awo atatu otsala, Limbikani, Sungeni ndi Fatsani.

"Ndikufuna ndidziwe ngati mnyamata uja anabwerera kwawo," anatero. "Amene andionetse mathero enieniwo, nyumba ya kanema ndi yake."

Limbikani anali dalaivala wa lole. Anapempha ulendo wa ku Joni umene anzake ankaukana, ndipo anatha milungu isanu osaoneka. Anabwera atawonda, milomo itang'ambika, bokosi lachitsulo lili m'kati mwa jekete. Anati analowa m'masitolo osawerengeka, ndipo pobwerera achifwamba anamulanda chikwama chonse, koma bokosilo anali atalibisa pansi pa mpando.

Chimbale atachiika m'deki, chinakana. Sungeni, yemwe ankakonza mawailesi pamsika, anati zimbale zakunja zimakana madeki akuno. Anadzitsekera m'chipinda masiku atatu ndi deki, chimbale ndi zitsulo zake, osalola munthu kulowa. Anaphwasula wailesi yake yomwe kuti apeze kachitsulo kamene kankasowa. Tsiku lachinayi anatuluka zala zili ndi matuza, nati, "Itanani bambo."

Koma a Chidzanja sankaona, ndipo Chingerezi sankamva. Fatsani, wotsiriza kubadwa, ndiye ankamasulira mafilimu m'Chichewa pa nyumbayo. Anakhala pafupi ndi khutu la bambo ake masana onse, nawafotokozera chilichonse: utsi, kuthamanga, chombo chikugwa, mawu a munthu aliyense. Anayankhula mpaka mawu anasasa.

Kenaka chinafika chigawo chatsopano chija. Munthu wovala chisoti chachitsulo chophimba nkhope akuyenda m'fumbi kulunjika kunyumba. Bambo wokalamba uja watsegula chitseko. Wachisotiyo wayankhula, mawu akumveka mosokonekera ngati wailesi yotha mabatire. Wakweza manja kuti avule chisoti, ndipo pomwepo chithunzi chinaima nji, osasunthanso.

"Wati chiyani?" anafunsa a Chidzanja, atagwira dzanja la Fatsani.

"Wati, 'Bambo, ndabwera.'"

Misozi inatsika m'masaya mwa a Chidzanja. Kenaka anati, "Ndaona. Tsopano ndaona." Tsiku limenelo anapempha phala, nalimaliza lonse. Patapita sabata anamwalira, asanatchule dzina la mwana aliyense.

Maliro atatha, atatuwo anakhala pansi m'nyumba ya kanema, ndipo aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso lammbali.

Limbikani ndiye anayamba. "Popanda ine chimbale chikanabwera ndi ndani? Komanso iwe Fatsani, Chingerezi nanenso ndimamva. Ine ndinamva wachisoti uja akuti, 'Mwana wanu wandituma.' Unawanamiza bambo."

"Mawu aja sankamveka bwino, achimwene," anayankha Fatsani. "Ndinanena chimene khutu langa linamva. Nanga munakhaliranji chete nthawi yomweyo? Musaiwale kuti bambo maso analibe. Chilichonse chimene anaona, anachiona kudzera pakamwa panga."

Sungeni anaseka pang'ono. "Achimwene aakulu, musakweze mawu. Bokosi ndi lenileni, sindikukana. Koma chimbale ndinachiyang'anitsitsa masiku atatu. Kapepala kapamwamba kanali komata, ndipo pansi pake panali zolemba za cholembera, monga amachitira anyamata okopera zimbale a ku Limbe. Ku Joni munakafikadi?"

Limbikani anaimirira. "Ndinafika! Chimbale chenicheni chinakandika m'njira, ndiye ndinachikopetsa chisanafe. Ndinalakwa? Koma inu achemwali a Sungeni, tiuzeni. Munaonera filimu yonse muli nokha m'chipinda. Bwanji chithunzi chinaima pamalo pomwe paja, chisoti chisanavulidwe? Munadziwa nkhope imene inali m'katimo, ndiye munakonza kuti iime."

"Chinaima chifukwa ndi chokopera," anatero Sungeni. "Pamene ndinkayesa ndekha chinkaimanso pomwepo."

"Ndiye bwanji simunatiuze?" anafunsa Fatsani.

Sungeni anati, "Ndikanatani? Ndikanawauza bambo kuti mathero palibe?"

Anagwirizana zoti aonerenso chigawocho, amvetsere bwino onse atatu. Atatsegula bokosi lachitsulo, anapeza chimbale chitathyoka pakati. Bokosilo linkakhala pa shelefu m'nyumba ya kanema, ndipo aliyense wa iwo anali ndi kiyi wake. Limbikani anati sanaligwire chibwerere ku manda. Sungeni analumbira kuti si iye. Fatsani anati anali kuchipatala tsiku lonse la dzulo lake, koma palibe anamuona kumeneko.

Nyumba ya kanema inakhala yotseka miyezi iwiri, anthu a Loweruka akubwerera pakhomo. Atatuwo ankapatsana moni pamsika, koma palibe ankalola kuti mnzake alowemo yekha.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tithandizeni. Wina anabweretsa chimbale chimene mwina si chenicheni. Wina anachiliza, koma mwina anachiimitsa dala. Wina anayankhula mawu amene mwina sananenedwe, ndipo bambo anamwalira mtima uli m'malo. Ndani anawaonetsa a Chidzanja mathero enieni, ndipo nyumbayo tiipereke kwa yani?