Mwala wa Choka

Kalelo, ana inu, mwala woyera uja timalembera pabolodi unalibe dzina, ndipo chimene walemba sichinkafufutika, kaya ndi mvula, kaya ndi dzanja.

Anautulukira ndi Nasimango, mayi wina amene anakwatiwa kutali ndi kwawo n'kumakhala kumudzi kwa mwamuna wake. Anaupeza m'chigwembe akufunafuna dothi lozirira, ndipo anayamba kujambulira ana ake awiri pathanthwe la kumalire a mudzi: mapazi a nkhwali, mutu wa mphiri, bowa wodyedwa ndi bowa wakupha. Aliyense wopempha mwalawo ankamubenthulira.

Mwamuna wake anadwala n'kumwalira. Anthu asanamete n'komwe, mlamu wake Gwaza anatulukira m'mamawa, m'manja muli mwala umene Nasimango yemweyo anamupatsa.

"Alamu, mwalawira bwanji? Khalani pamphasapa," anatero Nasimango.

Gwaza sanakhale. Munthu amene zaka zonse ankamutchula kuti inu, tsiku limenelo anangoti, "Choka. Munda ndi wa mkulu wanga, nyumba ndi ya mkulu wanga. Anawa tinaperekera ng'ombe."

"Wamng'onoyu sagona popanda ine, alamu. Ndiloleni ndikhaleko mpaka tikolole."

"Ndati choka."

Anamukankhiza mpaka pathanthwe paja, n'kuwerama, n'kulemba mzere kuchokera uku kufika uko. "Mzerewu ukadali kuoneka, usaudumphe. Ukangoyesa, ana ako ndikawasiya kumene sudzawaonanso."

Nasimango anatsala tsidya linalo, akumva kamwana kake kakulira kumudzi. Anaupukuta mzerewo ndi chikhatho mpaka khungu linasupuka. Anautsira madzi, anaukwecha ndi mchenga, koma unkangowala mbee. Dzuwa litapendeka anatola kachibenthu kamene Gwaza anataya, n'kukayang'anitsitsa.

"Ndinakukumba ndi zikhadabo zangazi," anatero motsitsa mawu, "lero wavomera kunditsekera ana. Kuyambira mvula ikubwerayi, chimene ulemba ngakhale khanda lidzachifufuta. Ndipo polemba uzidzidya wekha mpaka kutha."

Anakaponya pansi, n'kulowera kumene maso analoza.

Mvula yoyamba inakokolola mzere uja, pamodzi ndi nkhwali, mphiri ndi bowa. Ana awiri aja anathamangira kuthanthwe, naitana mpaka mawu kusasa. Panalibe woyankha. Ena amati Nasimango anafera m'njira, ena amati anakalambira kumudzi wa eni, osadziwa kuti njira inatseguka kalekale. Gwaza analima munda uja mpaka imvi, ndipo palibe chinamuchitikira.

Anawo anakula osafuna kuukhudza mwalawo. Akauona ankangoti, "Mwala wa choka uwo." Dzinalo linayenda pakamwa pa anthu, n'kufupika, n'kupindika.

Ndi chifukwa chake lero timati choko. Aphunzitsi akamalemba mumamuona chokoyo akuchepa, ndipo mawu ake onse amathera pakansanza. Nthawi zina amalira pabolodi mpaka mano kuyayamira. Pamenepo ndiye kuti wakumbukira amene anamukumba.