Mjigo wa Kumanda

Pakhomo pa mayi Clotilda, kuseri kwa Bembeke, tsiku linkayamba ndi kulira kwa ndowa. Chisanu chikadali m'udzu, iwo ndi amayi anzawo ankatsetsereka kupita kudambo, n'kukweranso chitunda chija madzi ali pamutu. Adayamba ulendowu ali kamtsikana. Imvi zidawapeza panjira yomweyo.

Mlongo wawo, a Gerevazio Zikhalo, ndiye adabadwa ndi mutu wakuthwa. Ansembe a pamishoni adawakankha pa sukulu mpaka adakafika ku India, komwe adakhala zaka zisanu ndi zinayi akuphunzira fizikisi. Atabwerako adaphunzitsa pa yunivesite mpaka dazi kutuluka. Kenako, poti mtima wa munthu sukhuta, adataya choko n'kupikisana nawo pa mpando wa phungu. Lonjezo lawo lidali limodzi basi: madzi pafupi.

"Mukadzapitabe kudambo pakatha zaka zisanu, musadzandivoterenso," adatero pamsonkhano. Amayi adalulutira, ndipo mawuwo adawasunga.

Tisawanamizire, bambowa sadali ngati aphungu ena aja osowa chisankho chikangotha. Atapambana adabweradi ndi makina oyezera madzi a pansi pa nthaka, mawaya ndi zitsulo zokhomera pansi. Masabata atatu adayendayenda m'minda ya kachewere, thalauza ili matope okhaokha. Manambala adaloza malo amodzi a madzi ambiri: m'mphepete mwa nkhalango ya kumanda, ija mitengo yake sidaonepo nkhwangwa.

Mayi Clotilda, omwe adali wapampando wa komiti ya madzi, adawaitanira pambali.

"Achimwene, pamenepo ayi. Anthu sangamwe."

"Ndikudziwa kale zomwe mukufuna kunena, achemwali. Manda amakumba mamita awiri. Madziwa ali mamita makumi asanu ndi limodzi, pansi pa thanthwe. Madzi ndi madzi."

"Inu, manambala anuwo sitikuwakana. Koma tamverani kaye."

"Ndamva. Ludzu likawagwira amwa."

A Bartholomew, katekisiti wa pamudzipo, nawo adayesa. Adakumbutsa aphunguwo kuti makina aja adapezanso madzi kuseri kwa sukulu, ngakhale ochepa. A Gerevazio adaseka. Munthu wophunzira asiye madzi ambiri n'kukakumba pa ochepa chifukwa cha mantha a mizimu? Anzawo a ku yunivesite akamva adzati chiyani? Kunena zoona, maliro ambiri a pamudzipo ankachitika iwo ali kunja. Kumandako ankakudziwa pa mapu.

Chigalimoto chokumba chidabwera, ndipo madzi adatumphuka mpaka kunyowetsa nthambi za mitengo. Adaikapo sola, thanki yaikulu ndi mipope inayi. Madziwo adakawayeza ku Lilongwe, pepala lidabwera lonena kuti ndi abwino kotheratu. Tsiku lotsegulira kwaya idaimba, bambo mfumu adadalitsa, ndipo a Gerevazio adagugudiza kapu yodzadza anthu onse akuona. M'manja mudaombedwa ndithu.

M'mawa mwake ndowa zidatsetsereka kupita kudambo monga kale.

Palibe adakangana ndi aphunguwo. Anthu a kuno satsutsa munthu wamkulu pamaso, amangomusiya ndi chinthu chake. Ukafunsa mayi wina ankangoti, "Aa, mjigowo ndi wabwino zedi, kungoti ife miyendo idazolowera." Ndipo musaganize kuti adali anthu osapemphera. Lamulungu tchalitchi inkadzadza mpaka ena kuima panja. Koma mayi amene adaika mwana wake m'nkhalango muja sakadatunga pomwepo madzi ophikira phala la mwana wotsalayo, pepala la ku Lilongwe linene zomwe linganene.

Aphunguwo adaitanitsa misonkhano itatu. Adajambula pa bolodi thanthwe, mchenga ndi mivi yoonetsa komwe madzi amayenda. Anthu adagwedeza mitu mwaulemu, adathokoza, adabalalika. Udzu udamera kuzungulira mipope. Okhawo amene ankaitsegula adali adzukulu, potsuka makasu akamaliza kukwirira.

Zaka zisanu sizichedwa. Pa chisankho chotsatira amayi aja adachita zomwe aphunguwo adawauza okha. Mpando udapita kwa bambo wina wogulitsa kachewere pa Chimbiya, amene sukulu adalekezera folomu 2. A Gerevazio adatsala opanda mpando, opandanso kalasi, chifukwa malo awo ku yunivesite adali atalowa wina kalekale. Komabe ankanena kuti olakwa ndi anthu, manambala sanama.

Mwezi wa Okutobala chaka chomwecho mayi awo, a Magadalena, adamwalira. Adzukulu adakumba chakumapeto kwa nkhalango, mapazi makumi atatu kuchokera pa thanki. Dzuwa lidaswa mtengo tsikulo. A Gerevazio adaima mu suti yakuda kuyambira pa Misa mpaka nkhata yomaliza, ndipo anthu pobalalika milomo ya bambowo idali itachita kuyera.

Mayi Clotilda adaona. Adatenga kapu, adapita pa mpope, adatunga, n'kudzagwada patsogolo pa mlongo wawo. Sadanene monyoza ayi, maso awo adali otupa ndi kulira.

"Imwani, achimwene. Mwauma kukhosi."

A Gerevazio adalandira. Madzi adali oyera mbee, ozizira bwino. Adakweza kapuyo, maso n'kugwera pa mtumbira wa dothi lofiira lija. Mamita makumi asanu ndi limodzi ankawakumbukira, thanthwe lija ankalidziwa kuposa wina aliyense. Koma mkono udakana. Adathira madziwo pansi pang'onopang'ono.

"Achemwali, kunyumba kuli madzi?"

"Alipo," adayankha mayi Clotilda akudzuka. "A kudambo."

Thankiyo ilipobe mpaka lero, yodzadza, ndipo ndowa zikadatsetserekabe chitunda chija m'mawa uliwonse. Akuluakulu sadaname: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.