Lole Yopaka Penti

Luwiza ankasita jekete la bambo ake pang'onopang'ono, kuuzira makala a m'simbi, n'kubwereza pakolala pomwe anali atadutsapo kale. Bambo akewo, a Gerald Mvula, anali wapampando wa khonsolo ya katauni kena kakumalire ku Mchinji. Thumba la khonsoloyo linali litabooka. Osesa mumsika anali atanyanyala chifukwa chosalipidwa, ndipo lole yotaya zinyalala inafa kalekale, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Boma linali litatuma anthu ochokera ku Lilongwe kuti adzadzionere okha. Khonsolo yopezeka itafikadi pamwana wakana phala inkayenera kulandira lole yatsopano, komanso munthu wa boma woyang'anira kayendetsedwe kake. Chachiwirichi n'chomwe chinkawasowetsa mtendere a Mvula.

"Ine andipatse mlezi ngati khanda?" anatero ali pakhonde. "Mlendo sumuyalira mphasa yong'ambika, amake Luwiza."

"Nanga dzala lafika pabenchi langa la tomato lija, mulibisa m'thumba la jeketelo?" anafunsa mayi Esitere, akazi awo.

Luwiza anali ndi mawu kukhosi, koma anawameza. Anangopinda jekete.

A Mvula analamula kuti miyala ya m'mbali mwa msewu ipakidwe laimu. Zinyalala anazikankhira mu ngalande ya kuseri kwa msika n'kuzifotsera ndi mapesi. Lole yakufa ija anaipaka penti wobiriwira, n'kuikankha mpaka pakhomo pa ofesi, matayala atapopedwa bwinobwino.

Alendo atafika, wamkulu wawo anaisisita loleyo. "A Tcheya, mukutha! Anzanu kwina akulira, inu galimoto ikuchita kunyezimira chonchi?"

A Mvula anamwetulira mpaka mano onse pamtunda. Lole yatsopano ija inapita ku tauni ina, komwe wapampando wake anangowatengera alendo kudzala n'kuwauza kuti anunkhize okha.

Mvula yoyamba sinamve za penti. Ngalande yotsekeka ija inasefukira, madzi akuda n'kulowa mumsika. Tomato wa mayi Esitere anayandama limodzi ndi zinyalala. Ana angapo anagonekedwa m'chipatala chifukwa chotsegula m'mimba, ndipo azaumoyo anatseka msika. Ngakhale madalaivala a mathiraki, omwe sasankha podyera, anayamba kungodutsa. Laimu wa pamiyala anasuluka ngati sanapakidwepo.

Kenaka kunabwera uthenga woti aboma aja akubweranso. M'mawa wake a Mvula anaponya jekete pampando.

"Sita ili, Luwiza. Ukatha ukandifunsire mtengo wa laimu kugolosale."

Mtsikanayo anaimika simbi pamwala. Mawu ake anatuluka osapindika.

"Ababa, jeketeli ndisita, koma kulaimu sindipita. Amayi alibenso benchi. Alendowo musawalandirire kuofesi, mukawalandirire kungalande, ndipo muwapatse kiyi aiyatse okha lole ija. Akatipatsa mlezi, atipatse. Mwana wodwala sasankha womubereka."

A Mvula anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. "Iwe, kodi pakamwa uli napo?"

"Ndinali napo ngakhale tsiku lija, koma ndinachita manyazi ngati inu nomwe. Inu munabisa dzala, ine ndinabisa mawu, msika n'kutsekedwa. Paja akuluakulu anati manyazi anapha Lambe."