Mutu wa Nangondo

Padangokhala, m'chaka chimene nyama zonse zinagwirizana kuti ana awo aziphunzira pamodzi. Sukulu inali pansi pa mkuyu, mphunzitsi wake anali Nyani. Sanali woipa mtima ayi, koma ankaganiza kuti ulemu wonse wa padziko ndi womwe anaphunzira kuphiri kwawo: wamkulu akamalankhula, mwana adzutse mutu, amuyang'ane.

Tsono panali Nangondo, mwana wa Kamba. Ameneyu sukulu ankaikonda zedi. Ankanyamuka mbandakucha, n'kumakwawa mame ali thoo, kuti belu lisamupeze panjira. Koma kwa a Kamba mwambo ndi wina: wamkulu akatsegula pakamwa, mwana amabweza mutu m'chigoba, n'kumamvetsera ali momwemo.

Nyani akangoyamba kuphunzitsa, Nangondo mutu lowu!

"Tulutsa mutu, Nangondo!"

Iye pomva kuti aphunzitsi akulankhula ndi iye mwini, ankaubwezanso m'kati kwenikweni. Ana a Gwape ndi a Pusi ankaseka mpaka kugubuduka. Nyani anamupatsa chibalo chosesa bwalo, anasesa. Anamukhazika padzuwa, anakhala. M'mawa mwake n'chimodzimodzi.

"Tulutsa mutu, Nangondo!"

Mutu lowu!

Mwanayo ankalira m'chigobamo, osadziwa chimene walakwa. Kufunsa sakanatha, pakuti kwawo mwana safunsa wamkulu chifukwa chimene wakwiyira. Mayi ake sanawauze, poopa kuti amuletsa sukulu.

Tsiku lina Nyani anatopa nazo. Anati mwana wamwano chotere alibe malo pasukulu yake, ndipo amuperekeza yekha akamusiye m'manja mwa makolo ake. Ulendo unali wautali, poti woperekeza kamba sathamanga. Njira yonse Nangondo mtima unali kuwawa, akuganiza za mkuyu uja kuti sadzakhalanso pansi pake.

Atafika kudambo, a Kamba onse anasonkhana kudzalandira mlendo. Nyani anakhosomola kuti ayambe kufotokoza. Nthawi yomweyo mitu yonse lowu! Ya amayi, ya amalume, ngakhale ya nkhalamba ya chigoba chong'aluka. Nyani anangoona ngati waima pakati pa miyala, ndipo ubweya unamuimirira ndi mkwiyo.

Koma kamng'ono ka Nangondo, kamene kanali kasanadziwe kanthu, kanatulutsa mutu n'kumuyang'ana mlendoyo m'maso. Nyani anati mumtima, apa pokha pali mwana wolereka. Asanamalize kuganiza, mawu a mayi anamveka kuchokera m'chigoba.

"Iwe, bweza mutu msanga, ukutichititsa manyazi. Aphunzitsi amayang'anidwa m'maso? Bwanji osatengera mkulu wako Nangondo? Pepani aphunzitsi, n'kakhanda aka. Pitirizani, tikumva."

Nyani anakhala pansi. Anakumbukira bwalo lija losesedwa, anakumbukira dzuwa lija. Kenaka anafunsa Nangondo motsitsa mawu ngati ankamvako zimene iye ankaphunzitsa. Mwanayo, mutu uli m'kati, anayamba kulakatula zonse kuyambira tsiku loyamba, mpaka nyimbo imene ana a Pusi anali ataiwala kale.

Mayi aja anafunsa chimene aphunzitsi abwerera mtunda wonsewu.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero Nyani. "Mawa Nangondo adzafike kusukulu. Ndidzamusungira malo kutsogolo, kuti mawu azimufika bwino m'chigobamo."

Safunsa anadya phula, ana inu: musanamutche mnzanu wamwano, yambani mwafunsa mmene ulemu amauchitira kwawo.