Nasoko ndi Maso a Nkhono

Kalelo, anthu asanadziwe sefuliya, m'mudzi wa Msampha munali mayi woumba mbiya dzina lake Nasoko. Manja ake anali odala, koma pakamwa pake, ana inu, panali ng'oma. Akaitana mwana, nkhuku za mabanja atatu zinkathawira kutchire. Musafulumire kumuseka. Mwamuna wake anali atapita kuphiri kukadula nsungwi mwezi wathunthu, kumusiya ndi ana atatu: Ndaziona wa zaka zisanu, mlongo wake Gwaza amene anali atangoleka kuyamwa, ndi khanda la kumsana losadziwa tulo. Madzi, nkhuni, mtondo, munda, zonse zinkayang'ana iye. Munthu wotere sakalipa chifukwa chodana ndi ana. Amakalipa chifukwa thupi lonse latopa, patsala lilime lokha.

Tsiku lina, mvula zoyamba zitagwa, Nasoko anaumba mitsuko isanu, naiika pakhonde kuti iume, n'kupita kuchitsime. Pobwera anapeza iwiri ili phwatha ngati ndowe za ng'ombe, ndipo pamwamba pake panadindika timatako. Gwaza anaiyesa mipando.

Nasoko analumbira mudzi wonse ukumva kuti akamugwira mwanayo, sadzakhalanso pansi mpaka mwezi ufe. Atayang'ana uku ndi uku osamuona, anati njala imubweretsa yokha, nayamba kukandanso dothi lake.

Njala sinamubweretse. Dzuwa linapendeka, mitambo n'kuda bii kumapiri. Nasoko anasuzumira kuseri kwa nkhokwe, m'khola la mbuzi, pansi pa mphasa. Mayi wina woyandikana naye anati anaona Ndaziona atagwira mlongo wake padzanja kulowera kudambo, koma pobwerera anali yekha. Nasoko anachita mantha, chifukwa dambo limenelo linali ndi khalidwe loipa: mvula ikagwa kumapiri, madzi ankafika osaodira.

Nasoko anamupeza Ndaziona ali chinjutire pansi pa nthochi. Anamugwira paphewa, namugwedeza, namufunsa kumene wasiya mwana. Mtsikanayo anangolowetsa mutu pakati pa mawondo. Nasoko anathyola kamtengo. Amayi ena anabwera kudzathandiza monga amayi amathandizira: wina analonjeza chimanga chokazinga, wina anati fisi amadya ana osayankha, wina anati zimenezi watengera kwa abambo ake. Onse nthawi imodzi. Ndaziona anangokumbatira miyendo yake. Ena anathamangira kudambo akufuula dzina la Gwaza, koma anabwerako manja lende.

Kunagunda bingu. Nasoko anatsegula pakamwa kuti akuwe kachikenanso, koma mawu anali atasasa. Apo m'pamene anaona chinthu chimodzi: mawu alionse amene ankaponya ankamukankhira mwanayo m'kati. Anataya kamtengo kaja, napereka khanda kwa mnzake, nawapempha onse kuti apite kaye. Kenako anakhala pansi pamatope, pambali pa mwana wake, nadziuza mumtima kuti sanyamukapo popanda yankho, ndipo salitenga ndi ukali.

Miyendo inkamuyabwa kuti athamange. Anailetsa. Anadziluma mlomo, nayang'ana pamene mwanayo ankayang'ana. Pa tsinde la nthochi panali nkhono, yobisala yonse m'chigoba chifukwa cha mididi ya mapazi a anthu aja. Madontho oyamba anayamba kugogoda masamba. Nasoko anangopuma, kulowetsa mpweya, kutulutsa. Patapita kanthawi chigoba chija chinasuntha. Kunatuluka kamutu, kenako tinyanga tiwiri tikutalika pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwake kunali timaso ting'onoting'ono. Mayi wamkulu chonsecho, anali asanaonepo kumene nkhono imasunga maso.

"Musaikhudze, mayi," ananong'ona Ndaziona. "Ibwereramo."

"Sindiikhudza," anatero Nasoko, mawu ali pansipansi. "Mwana wanga, ndinakwiya chifukwa cha mitsuko. Mitsuko ndi dothi, ndidzaumba ina. Gwaza sindingamuumbenso. Mvula ikubwera, ndipo ine ndili ndi mantha."

Mtsikanayo anadzutsa mutu pang'ono. "Simummenya?"

"Sindimmenya."

"Nanga ine?"

"Iwenso ayi."

"Ali kumtapo. Ndinamuuza kuti mukamaitana asayankhe."

Mtapo ndilo dzenje la m'mphepete mwa dambo mmene Nasoko ankakumba dothi loumbira, lakuya kuti mwana akalowa sangatuluke yekha. Nasoko sanathamangepo chotero chibadwire. Anafika mvula ikukhuthuka, madzi ofiira akutsikira m'dzenjemo mbali zonse. Gwaza anali chiimire m'katimo, madzi ali m'chiuno, akunjenjemera, kadzanja kali pakamwa kuti kulira kusamveke. Anthu aja anali atadutsa pomwepo kawiri akufuula, iye osatsokomola n'komwe. Nasoko anagona chafufumimba, namukoka, namufungata pachifuwa. Asanafike kunyumba, dzenje linali litadzaza ndendende.

M'mawa mwake amayi aja anamuzinga kuchitsime, kufunsa mankhwala amene anatsegulira pakamwa pa Ndaziona, poti enanso anali ndi ana osamva kwawo. Nasoko anati mankhwala alipo, koma ndi owawa, ndipo amamwa ndi kholo, osati mwana. Atamuumiriza, anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwambi uja unachokera pamenepo. Tanthauzo lake n'lakuti chimene chabisala chifukwa cha mantha sichituluka ndi phokoso. Ukagogoda chigoba, nkhono imalowereratu. Mwananso n'chimodzimodzi, angakhale wamkulu amene: ukamukalipira amasunga mawu, ukakhala naye pansi n'kumuuza zoona modekha, amatulutsa yekha. Kudekha si ulesi, ndipo si kusowa changu. Ndi ntchito yolemetsa, makamaka pamene mtima ukukuuza kuti ukuwe. Inu ana, mudzakula, mudzabereka, ndipo tsiku lina mwana wanu adzakutsekerani pakamwa pa nthawi imene mukufunitsitsa yankho. Tsiku limenelo mudzakhale kaye pansi.