Chaka Chimene Chulu Chinadula Mchere

Kalekalelo, m'thengo la Mphanje munali chulu chotulutsa mchere, ndipo nyama zonse zinkagulira chakudya mcherewo. Chulucho chinali ndi lamulo lake losasintha: pakatha zaka zinayi, mchere wotuluka unkachepa ndi theka.

Chaka chodula chinafika pamodzi ndi njala. Sakhwi, kanyama kochepa ngati mbewa, ankakumba tsiku lonse n'kupeza kambulu kamodzi ka mchere. Nanga theka la kambulu n'kudyetsa banja? Ana ake anali atasiya ndi kulira komwe.

"Bambo a ana," anatero mkazi wake, "wamng'onoyu mawa safika."

Sakhwi anathamangira kwa Njiri, mwini nkhokwe yodzaza mchere.

"Achimwene, mwangokhala phee? Mawatu chulu chidula!"

"Si wotuluka wokhawo?"

"Wotuluka wokha? Ndi wam'nkhokwe womwe! Mudzuka mupeza theka."

Njiri thukuta kamukamu. "Nditani ine, mphwanga?"

"Una wanga uli kutsidya kwa mtsinje, lamulo silifikako. Ndikusungirani. Mungondipatsa lichero la mapira."

Njiri anasenza mchere yekha mpaka kutsidya, akuthokoza. Kwa Nguluwe, Sakhwi anati "amalume", n'kugwetsa ndi misozi yomwe. Nguluwe nayenso anamusungitsa mchere, n'kumupatsa malichero awiri. Ana anadya, wamng'ono uja anatsegula maso.

Akanalekera pomwepo! Koma anapitanso kwa Nungu, nkhalamba imene inaona chulu chikudula kambirimbiri.

"Agogo, mchere wanu uchepa!"

"Uchepe, mdzukulu wanga," anatero Nungu, osatembenuka n'komwe.

Chulu chinaduladi. Mchere watsopano utasowa, kambulu kogula lichero kanayamba kugula dengu lathunthu. Njiri ndi Nguluwe anawoloka mtsinje akuvina, kukatenga chuma chawo. Koma mvula yoyamba inali italowa mu una. Theka la mchere linali madzi.

Sakhwi anafulumira kutsegula pakamwa.

"Mwaona? Lamulo lawoloka mtsinje chaka chino! Ngati kuno latenga theka, kwanu likanapsereza zonse."

Njiri anagwedeza mutu, nayamba kuthokozanso. Pomwepo panadutsa Nungu, atasenza mchere wouma gwa, akupita kumsika.

"Agogo, wanu sunadulidwe?" anafunsa Nguluwe.

"Chulu chimadula umene sichinatulutse, mwanawe. Wam'nkhokwe umadulidwa ndi mvula. Ndi akuba."

Sakhwi analowa mu una chafutambuyo, koma Nguluwe anamugwira mphuno. Kokani, kokani! Mkazi ndi ana, ali ndi mphamvu za mapira aja, anakoka mchira m'katimo mpaka bambo wawo anapulumuka, mphuno itatalika ngati udzu.

"Mayo, mphuno yanga!"

"Khalani chete," anatero mkazi wake akumuthowa. "Ana onse ali moyo. Ndipo m'thengo lonseli, chinthu chimene chawonjezeka chaka chino ndi mphuno yanuyi."

Mpaka lero Sakhwi ikagwa mvula amanunkhiza pansi, kufuna theka lija. Nthano yathera pamphuno.